Napolo, Namungumi ndi fisi wa usiku: mafunso okhudza zilombo zimene timamva ku Machinga ndi ku Balaka

Aliyense amene anakulira kuno, kaya ndi m'tsinde mwa phiri la Chikala, m'mbali mwa Shire ku Liwonde, kapena kumtunda kwa Ulongwe ndi Phalula, ali ndi chilombo chake chimene sanachionepo ndi maso koma ankachiopa ndi mtima wonse. Changa ine chinali Napolo. Mvula ikagwa masiku atatu osakata, agogo anga aakazi ankatuluka pakhonde usiku, chitenje atafunda kumutu, n'kutchera khutu kuphiri. Tikawafunsa ankangoti, "Gonani inu, ndikumvera ngati eni phiri ayamba ulendo." Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amafunsana m'minibasi, pachigayo ndi pamaliro nkhani ya zilombo ikabuka.

Kodi Napolo n'chiyani kwenikweni?

Akuluakulu amati ndi chinjoka chachikulu chokhala pansi pa phiri, m'dziwe limene munthu sangalione. Chimagona zaka zambiri osasuntha, koma tsiku limene chafuna kusamuka, kuchoka kuphiri kupita kunyanja kapena kuphiri lina, chimang'amba nthaka n'kutuluka ndi madzi, matope, miyala ndi mitengo. Chilichonse chimene chili panjira yake chimapita nawo. Ena amati chikamayenda pamamveka ngati ng'oma zikulira. Anthu ozungulira mapiri a Zomba ndi Malosa amati ulendo wake umathera ku nyanja ya Chilwa. Onani kuti sitinena kuti Napolo wagwa, monga timanenera mvula. Timati Napolo wadutsa, ndipo pamene wadutsapo pamatsala mkwasa wake: khwawa latsopano lofiira, lotsika kuchokera pamwamba pa phiri.

Alipo amene anamuonapo ndi maso?

Njoka yeniyeniyo ayi. Palibe chikopa chake, fupa lake kapena chithunzi chake chimene chinapezekapo. Zimene anthu anaona ndi ntchito zake, ndipo zimenezo zinalembedwa. Mu December 1946 ku Zomba, komwe panthawiyo kunali likulu la dziko, kunagwa mvula yoposa mamilimita 700 m'maola 36 okha. Imeneyo ndi pafupifupi mvula imene Balaka amalandira chaka chathunthu. Phiri linagumuka m'malo ambiri, milatho inakokoloka, anthu anafa. A Paseli Brothers anaimba nyimbo yotchedwa Napolo pokumbukira zimenezi, ndipo mlakatuli Steve Chimombo, yemwe anabadwira ku Zomba mu 1945 n'kudzaphunzitsa ku Chancellor College, anatcha buku lake la ndakatulo la 1987 kuti Napolo Poems.

Pa 10 March 1991 phiri la Michesi linagumukira Phalombe, n'kupha anthu mazanamazana. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anachita zomwezo ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe komweko. Omwalira ndi osowa pamodzi anaposa 1,000. Opulumuka ambiri, ngakhale achinyamata a mafoni m'manja, dzina limene linabwera msanga pakamwa pawo linali lomwelo la agogo.

Amene amati anaona njoka ikuyandama m'madzi osefukira sikuti akunama. Nsato zimakhala m'mapanga ndi m'mauna a m'mapiri, ndipo madzi akadzaza zimakokoloka ngati china chilichonse. Nsato yaikulu imatha kufika mamita asanu. Munthu amene wangotaya nyumba yake akaiona ikupiringizika m'matope m'bandakucha, ndani angamuuze kuti si imeneyo yagwetsa phiri?

Ngati si njoka, chimachitika n'chiyani m'phirimo?

Mapiri athu ambiri ndi thanthwe lolimba lokutidwa ndi dothi losazama kwenikweni. Mvula ikagwa masiku angapo motsatizana, madzi amalowa m'dothimo koma akafika pathanthwe amalephera kupitirira. Amayamba kuyenda pakati pa thanthwe ndi dothi, dothilo likulemera komanso likuterera kunsi kwake. Pamalo otsetsereka kwambiri chigawo chonse chimangosomphoka nthawi imodzi. Chikagwera m'khwawa chimasakanikirana ndi madzi n'kukhala phala lolemera ngati simenti yokandidwa, lotha kunyamula mwala waukulu ngati nyumba n'kumathamanga liwiro loposa makilomita 50 pa ola. Munthu sangalipitirire pothamanga.

Tsopano tayerekezani kuti mwaima patali mukuyang'ana. Phalalo lili ndi mutu, chifukwa miyala ikuluikulu ndi zipika zimatsogola. Lili ndi thupi lalitali lakuda lotsatira kukhotakhota kwa khwawa. Lili ndi mchira, madzi amatope otsalira m'mbuyo. Miyala ikamagundana pansi pamamveka mdidi ngati wa ng'oma zazikulu, ndipo nthaka imanjenjemera. Amene anayamba kunena kuti ndi njoka anayang'anitsitsa ndithu.

Ndiye kuti makolo athu ankangotiopseza ndi zabodza?

Apa ndi pamene ine ndimasiyana ndi anzanga ena ophunzira, amene akamva dzina la Napolo amangoti ndi umbuli. Makolo analakwitsa pa chimene chimagumula phiri, koma sanalakwitse pa malo, pa nyengo, kapena pa zizindikiro. Ankadziwa makwawa amene Napolo anadutsamo kale, ndipo ankaletsa kumanga nyumba m'menemo. Ankadziwa kuti sayenda m'chilimwe koma mvula ikakhazikika. Nkhalango zina za pamwamba pa mapiri ankati ndi za mizimu, nkhwangwa isakhudzeko, ndipo mizu ya mitengo imeneyo ndi imene inkagwira dothi. Chigumukire chachikulu chimatha kutenga zaka makumi anayi kapena asanu chisanabwerere pamalo amodzi. Amene anachiona amakhala atamwalira. Kodi chenjezo lingadutse bwanji mibadwo iwiri kwa anthu opanda mabuku? Linkadutsa litavala thupi la njoka, chifukwa mwana saiwala njoka. Paja amati madzi saiwala khwawa. Vuto ndi loti anthufe timaiwala.

Chimene chimandichititsa chidwi n'choti si ife tokha. Ku Japan, m'chigwa cha Kiso, matope otsika m'phiri chonchi amawatcha januke, kutanthauza kutuluka kwa njoka, ndipo m'tauni ya Nagiso muli mwala wa chikumbutso wa ngozi ya 1953 pamene analembapo zizindikiro zoti ana a m'tsogolo azisamala nazo. Ku China mabuku akale amanena za chinjoka chotchedwa jiao chimene chimaswa phiri n'kutuluka ndi chigumula. Azulu ali ndi Inkanyamba, njoka ya mkuntho imene amati imakhala pa mathithi a Howick. Atonga a m'chigwa cha Zambezi ali ndi Nyaminyami, ndipo madzi osefukira ataononga ntchito yomanga damu la Kariba mu 1957 ndi 1958, iwo anati wakwiya chifukwa cha khoma lotseka mtsinje wake. Anthu a ku Kiso ndi a ku Malosa sanakumanepo, koma phiri litagumuka onse anaona njoka.

Kodi Napolo angadutse kuno kwathu? Munthu angadziwe bwanji?

Ku Machinga angadutse, ndipo ndikunena izi ndi mtima wolemera. Mukamayenda pamsewu wochoka ku Liwonde kupita ku Zomba, tayang'anani mapiri a Chinduzi, Mongolowe ndi Malosa, kenako muyang'ane matumba a makala oimikidwa m'mbali mwa msewu ndi njinga zotsetsereka nawo m'mamawa. Sindikuweruza wootcha makala. Ndikudziwa kuti kunyumba kwake kuli ana ofuna nsima ndi fizi. Koma thumba lililonse ndi mizu imene yasiya kugwira dothi, ndipo minda ndi nyumba zikukwerabe phiri chaka ndi chaka.

Ku Balaka, komwe ndi kwachidikha, choopsa chimabwera mwa njira ina. Mtsinje wa Rivirivi umachokera kumapiri a ku Ntcheu. Kumtundako ikagwa yamphamvu, madzi amafika ku Utale mwadzidzidzi pomwe kumeneko dzuwa likuswa mtengo, n'kupeza anthu ali m'madimba kapena akuwoloka.

Zizindikiro za phiri lofuna kugumuka n'zomwe agogo anga ankatchera khutu zija. Madzi a mumtsinje akasanduka matope mwadzidzidzi n'kumabwera ndi zinyalala ndi nthambi, samalani. Akachepa kapena kuima pomwe mvula ikugwabe, thawani msanga, chifukwa ndiye kuti kumtunda kwatsekeka ndipo chotsekacho chikaphulika zonse zibwera pamodzi. Ming'alu yatsopano m'nthaka kapena m'khoma, mitengo yopendekeka, akasupe otumphuka pomwe panalibe, fungo la dothi lofukulidwa kumene, mdidi wochokera kuphiri: zonsezi n'zoti munthu adzutse ana. Ndipo pothawa musatsike motsatira khwawa. Thawirani cham'mbali, kumalo okwera. A zanyengo akachenjeza pawailesi kuti kukubwera namondwe, kukagona kusukulu kapena kutchalitchi kapena kumzikiti masiku awiri si mantha ayi.

Nanga Namungumi amene Ayao amatchula ndi ndani?

Ndi chilombo cha m'madzi akuya, chachikulu kuposa mvuu. Za kundagala sizikambidwa pabwalo, ndipo ine sindiulula zimene si zanga. Ndingotchula zimene zinalembedwa kale: madokotala awiri a nthawi ya atsamunda, Hugh Stannus ndi Meredith Sanderson, analemba za zithunzi zotchedwa inyago zimene akuluakulu ankaumba pansi ndi dothi n'kuzikongoletsa ndi ufa pophunzitsa anyamata, ndipo chimodzi mwa zikuluzikulu chinali cha Namungumi. Dzinali ndi lomwe m'Chichewa timatchulira namgumi, chinyama chachikulu cha m'nyanja ya mchere. M'nyanja ya Malawi, ya Malombe, ya Chiuta kapena ya Chilwa mulibe namgumi. Chilwa ndiye anaphwa mu 1968, mu 1995 ndiponso kwakukulu mu 2018, anthu n'kumayenda pansi kupita ku chilumba cha Chisi, osapeza chilombo chilichonse m'matopemo. Koma Ayao anali anthu a ulendo, ankanyamula minyanga kukafika ku Kilwa ndi kumadoko ena a kugombe. Ine ndimaona kuti nkhani ya chinyama chachikulu ngati phiri, chopuma utsi wa madzi, inabwera ndi apaulendo amenewo n'kupeza malo m'madziwe akuya a kuno. Ngati ndi choncho, ndiye kuti chilombo chimenechi chilipodi, kungoti kwawo n'kutali.

Ndinamvapo za munthu wa mbali imodzi wokhala m'nkhalango. Zimenezi zinachokera kuti?

Ameneyo ndi Chitowe kwa Ayao, Chiruwi kwa Amang'anja. Nthano imati ali ndi diso limodzi, mkono umodzi, mwendo umodzi, mbali inayo ndi phula. Amayenda ndi nkhwangwa, ndipo akakumana ndi munthu m'thengo amamuuza kuti agwetsane. Ukamugwetsa amakuonetsa zitsamba n'kukhala sing'anga. Akakugwetsa iwe sudzabwereranso kumudzi. Alice Werner, amene anakhalapo ku Blantyre m'zaka za m'ma 1890, analemba za iye m'buku lake la nthano la 1933, ndipo anaonetsa kuti anthu a mbali imodzi otere amapezekanso m'nthano za mitundu ina ya kuno kummwera kwa Africa. Ameneyu palibe amamusaka ndi mfuti. Ndi nthano yonena za mtengo umene munthu amalipira kuti adziwe za m'thengo.

Kodi n'zoona kuti pali ng'ona ndi afisi otumidwa ndi anthu?

Funso ili limabwera ndi misozi, chifukwa amene amalifunsa nthawi zambiri ndi oferedwa. Padooko pali amayi asanu akuchapa, ng'ona n'kugwira mmodzi. Abale amafunsa kuti bwanji iyeyu? Ng'ona sisankha dzina, imasankha chizolowezi. Imatha kukhala masiku ikuyang'ana malo amodzi, maso okha ali pamwamba pa madzi, ndipo imagwira amene walowa kwambiri, amene wawerama, amene amabwera yekha m'mamawa kapena chamadzulo nthawi yomweyomweyo. Shire wa pa Liwonde ali ndi ng'ona zambiri zedi, ndipo madzi akakwera zimalowa m'madambo ndi m'minda ya mpunga momwe anthu saziyembekezera. Mjigo umodzi wokumbidwa pamtunda umapulumutsa anthu ambiri kuposa kuthamangitsa nkhalamba m'mudzi.

Za afisi tili ndi nkhani yodziwika ya chilombo cha ku Dowa. Mu 2002 chinyama china chinapha anthu asanu n'kuvulaza oposa 20. Chitaphedwa, a zanyama zakutchire anati ndi fisi wachiwewe, koma anthu ambiri anakana. Mu March 2003 china chinaphanso anthu atatu n'kuvulaza 16, ndipo anthu pafupifupi 4,000 anathawa m'midzi kukagona paboma. Anthu ankati fisi wamba sangalowe m'mudzi masana n'kumaluma aliyense osadya. N'zoona, fisi wabwinobwino satero. Koma chiwewe chimachotsa mantha m'nyama, n'kuichititsa kuluma chilichonse chimene yakumana nacho. Khalidwe limene anthu anati ndi umboni wa matsenga ndi lomwelo limene dokotala wa ziweto amati ndi chizindikiro cha matendawa. N'chifukwa chake wolumidwa ndi fisi, nkhandwe kapena galu wosadziwika ayenera kutsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo kukabayitsa katemera. Zizindikiro za chiwewe zikayamba kuoneka mwa munthu, kuchira kumakhala kulibe.

Ngakhale afisi opanda chiwewe amagwira anthu. M'chigwa cha Phalombe anapha anthu asanu mu 1956, ndipo zinapitirira mpaka 1961 pamene anapha asanu ndi atatu. Zambiri zinkachitika cha mu September, kukatentha anthu n'kumagona panja, tchire litapsa nyama zitasowa.

Azungu nawonso ali ndi zilombo zawo. Kodi asayansi anapezapo chimodzi?

Chotchuka kwambiri ndi cha m'nyanja ya Loch Ness ku Scotland. Chithunzi chake cha 1934, choonetsa khosi lalitali litatuluka m'madzi, chinazungulira dziko lonse, koma mu 1994 zinaululika kuti chinali chidole chomata pa kasitima koseweretsa ana. Mu 2018 gulu lotsogozedwa ndi Neil Gemmell wa ku New Zealand linatunga madzi m'malo ambiri a nyanjayo n'kuyeza tizidutswa ta DNA timene chamoyo chilichonse chimasiya m'madzi. Anapeza nsomba zambiri za mtundu wa mkunga, koma chokwawa chachikulu ayi. Mokele-mbembe, chilombo china chimene amati chili ku Congo, naye anthu amusaka maulendo ambiri osapeza kanthu.

Komabe nyama zina zimene akunja ankati n'zopeka zinapezekadi. Okapi, wachibale wa nyamalikiti wokhala m'nkhalango za Congo, asayansi anamulemba m'mabuku mu 1901 pomwe eni nkhalango ankamudziwa kalekale. Nsomba ya coelacanth, imene ankati inatha zaka mamiliyoni ambiri zapitazo, inakodwa muukonde pafupi ndi East London ku South Africa mu 1938. Kusiyana kwake n'koti izi zinabwera ndi chikopa, mafupa ndi mamba oti munthu n'kugwira. Nyama yeniyeni imadya, imaswana, imafa n'kusiya mtembo.

Nanga anamapopa? Anthu ambiri anachita kulumbira kuti anawapopa magazi.

Ili ndi funso lovuta kuposa onse, ndipo sindikufuna kulizemba. Anamapopa amasiyana ndi Napolo pa chinthu chimodzi chachikulu: Napolo amaloza phiri, anamapopa amaloza munthu.

Mphekesera zimenezi si zatsopano, ndipo si za kuno kokha. Ku Zambia ankati banyama, ku Kenya ankati wazimamoto, ndipo katswiri wa mbiri yakale Luise White anaonetsa m'buku lake la 2000 kuti zinafala m'nthawi ya atsamunda, pamene anthu ankatengedwa magazi m'zipatala ndi m'migodi popanda wowafotokozera chifukwa chake. Kuno zimakonda kubuka m'nyengo ya njala ndi ya kusakhulupirira boma. Kumapeto kwa 2002, chaka cha njala yoopsa, zinamveka kuti boma likusinthanitsa magazi a anthu ndi chimanga, ndipo mu January 2003 gulu la anthu linagenda Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cha UDF mu Blantyre. Mu September 2017 zinayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena, misewu inatsekedwa ndi achinyamata onyamula zikwanje, ndipo ogwira ntchito zachipatala ankaopa kulowa m'midzi.

Amene ankadzuka ali ofooka, mutu ukuwawa, mtima ukugunda, sankanamizira. Munthu amene wagona panja milungu iwiri akulondera, wosadya mokwanira, mwina ali ndi malungo kapena magazi ochepa m'thupi, amamvadi choncho. Palinso vuto lodziwika bwino la kutulo limene munthu amadzidzimuka koma thupi osatha kusuntha, n'kumamva ngati wina wamukhalira pachifuwa; limabwera kwambiri munthu akatopa ndiponso akakhala ndi nkhawa. Koma madokotala amene anayeza odandaulawo sanapeze umboni woti wina anapopedwa magazi. Ndipo amene anaperekapo magazi kusukulu kapena kutchalitchi akudziwa mmene ntchitoyo imakhalira: singano yaikulu, thumba lokhala ndi mankhwala oletsa magazi kuundana, mphindi zingapo munthu atagona phee, kenako firiji. Sizichitika mumdima kudzera padenga la udzu.

Lamulo la dziko lino la zaufiti, la 1911, limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, ndipo kupha woganiziridwa ndi mlandu wakupha basi. Apolisi anamanga anthu oposa 100 chifukwa cha zipolowe za 2017. Pa nthawi yonseyo palibe namapopa ngakhale mmodzi amene anagwidwa ndi zida zake n'kukaonekera kukhoti. Amene anafa ndi anthu osachepera asanu ndi anayi, ophedwa ndi anzawo, ena a iwo alendo odutsa ndi anthu amene analephera kudzifotokoza msanga atafunsidwa kuti akupita kuti. Mmodzi mwa iwo, amene anamutentha ku Blantyre mu October chaka chimenecho, anali mnyamata wodwala khunyu.